Zitatu Zinazo

Pansanjika ya 38, ku Raffles Place,
mawindo satseguka.
Mpweya ndi wochita kugula, wozizira ngati wa m'firiji,
ndipo ine, Teo Siew Yan, loya wosagonja pamlandu,
ndatha zaka khumi ndikuupuma monyinyirika
ngati wina adzandilipiritsa.

Anayamba kundigwira ndi dokotala wa mano.
Anati, mayi, kodi usiku mumatafuna chiyani?
Zibwano zasalala ngati mwala wa pamtsinje.
Anandipatsa kapulasitiki kovala pogona.
Ndinakaboola m'masabata asanu.

Ndiye Lachinayi lina, mvula ya masana ikukhuthuka,
ndinakwera masitepe opapatiza ku Serangoon Road,
pamwamba pa sitolo ya nsalu ndi maluwa,
kwa bambo Arumugam, ogoneka anthu ndi mawu okha.
Hipinosisi! Ndinaseka ndekha m'galimoto.
Ndinali nditakonzeratu mafunso asanu owapanikiza nawo
monga ndichitira ndi mboni yabodza.

Analibe wotchi yogwedeza pamaso.
Anali ndi mpando wong'ambika pamkono
ndi fani yolira kwe, kwe, kwe.
Foni ikhale m'kadengu umo, iwo anatero, sithawa.
Simugona ayi. Mumva zonse, ndi basi yodutsa pansipa yomwe.
Mungotsika. Khumi.
Mapewa anuwo si mashelefu, tulani.
Zisanu ndi zinayi. Lilime lileke kukankha mano.

Ndinafuna kutsutsa,
koma manja anali atagwa kale pamiyendo, lobodo,
ngati zovala zonyowa.

Pofika pa zitatu ndinali ku Toa Payoh,
m'khitchini ya nyumba yathu ya zipinda ziwiri,
malaya ali lende pansungwi kunja kwa windo.
Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kaima chilili,
pepala la masamu m'manja: 97.
Bambo anga, makiyi a takisi akadali m'chala,
ayang'ana, asayina,
nanena osakweza mawu, osakwiya n'komwe:
Nanga zitatu zinazo zapita kuti?

Basi. Funso lokhalo.
Panalibe mkwapulo, panalibe chitseko chomenyetsa.
Koma zaka makumi atatu ndasaka zitatuzo
pansi pa mafayilo, m'ndege za usiku,
pankhope za oweruza,
paukwati wa mng'ono wanga womwe ndinafika atadula kale keke.

Mawu anabwera ngati ochokera kuseri kwa khoma:
Mukumuona mwanayo? Mumuuza chiyani?
Ine wolipidwa pa mphindi iliyonse yomwe ndayankhula
ndinangoti kukamwa yasa.
Ndinamulanda pepalalo, n'kulipinda pakati.
Ndipo poweramapo ndinaona chimene mwana sanaone:
mapazi a bambo, otupa, atavula nsapato pansi pa tebulo,
maola khumi ndi anayi akuponda buleki.
Mwina sankandiweruza.
Mwina ankangowerenga, monga ankawerengera chenji
usiku uliwonse, kuopa kuperewera.

Chimodzi, ziwiri, zitatu, bwerani.
Misozi inali italowa m'makutu.
Fani ija, kwe, kwe. Pansi wina akutsatsa malonda.
Ndinalipira, ndinatenga foni: mauthenga makumi anayi.
Dziko silinagwe.

Sindinena kuti ndinachira.
Ndinabwererako kasanu ndi kamodzi,
ulendo wina ndinangoganiza za msonkho mpaka nthawi kutha.
Kapulasitiki ndimavalabe, kungoti aka sikanabooke.
Milandu ndimapambanabe, ina imandipulumuka.
Anandiphunzitsa kukanikiza chala chachikulu pa chamkombaphala
ndi kupuma mpaka mpweya ufike pamchombo.

Sabata yatha, itakwana naini koloko usiku,
Nurul, loya wathu wamng'ono, anandibweretsera chikalata
cha masamba makumi asanu ndi limodzi, chosalala bwino,
kupatula zolakwika zitatu.
Anaima chilili.
Funso lija ndinalimva likukwera pakhosi,
mawu ake omwewo, kuzizira kwake komweko.

Ndinakanikiza zala pansi pa desiki.
Ndinati: Nurul, kodi wadya?